Kongeresi ilibe 50+1 m'thumba: tikonzeke kumva zimenezi

Awa ndi mawu amene anayankhulidwa pa kukumana kwathu masiku ochepa chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike. Tawalemba kuti amene mulibe bandulo yotsegulira voice muwerenge. Tumizani m'magulu onse, ndipo agogo amene alibe foni muwawerengere.

Anzathu a ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu, ku Nambuma, ndi inu a ku Msundwe ndi ku Kasiya amene mwatilowa posachedwa, moni nonse. Amayi ndi abambo athu amene muli m'magulu muno, tikupempha mutilole ife ana tiyankhule pamaso panu.

Pamene tinkayankhula mawuwa kunali kutatsala masiku ochepa kuti tikavote pa 16 September 2025. Pali nkhani imodzi imene kuno kwathu anthu amainong'ona pa kabaza ndi pa chigayo, koma pagulu safuna kuitchula. Ife tiitchula lero. Mwayi woti Malawi Congress Party ipambane upulezidenti pa ulendo woyamba, ndi mavoti opitirira theka, ndi wochepa kwambiri. Woti ikhale ndi aphungu opitirira theka ku Nyumba ya Malamulo ndiye wacheperatu. Sitikunena izi chifukwa chodana ndi tambala. Ambiri a ife tinabadwira m'nyumba zimene nsalu ya Kamuzu imasungidwa m'sutikesi ngati ya ukwati. Tikunena chifukwa tawerengera, ndiponso chifukwa tikuopa zimene zingachitike m'misika mwathu anthu akadzamva zotsatira zimene palibe anawakonzekeretsa.

*Tiyambe ndi masamu*

Lamulo linasintha. Kuyambira pa chigamulo cha khoti pa 3 February 2020, chimene khoti la Supreme linavomereza mu May chaka chomwecho, munthu sakhalanso pulezidenti chifukwa chongoposa anzake. Akuyenera kupeza mavoti opitirira theka la onse, ija timati 50+1. Akalephera onse, awiri otsogola amabwereranso ku chisankho chachibwereza. A Kongeresi ndi a UTM ndi amene anapita ku khoti nthawi imeneyo, ndipo tonse tinavina chigamulo chitatuluka. Lero lamulo lomwelo ndi limene laima pakhomo pa Kongeresi.

Tiyeni tione mbiri ya chipanichi chibwerereni ndale za zipani zambiri. Mu 1994 a Kamuzu Banda eniake anapeza mavoti 33 pa 100 aliwonse. Mu 2004 a John Tembo sanafike pa 30. Mu 2009 a Tembo omwewo, a Bakili Muluzi atawaikira kumbuyo, anangopitirira 30 pang'ono. Mu 2014 a Lazarus Chakwera anapeza pafupifupi 28. Mu 2019, mayi Joyce Banda akuwathandiza ndipo a Sidik Mia akuwabweretsera mavoti a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, MEC inalengeza kuti apeza 35. Tikudziwa kuti chisankho cha 2019 chinali cha tipeksi ndipo khoti linachifafaniza, koma ngakhale mutawonjezerapo, kuchoka pa 35 kukafika pa 50 ndi ulendo wautali.

Kongeresi inadumpha mpanda umenewu kawiri kokha. Mu 1999 a Gwanda Chakuamba atagwirana manja ndi a Chakufwa Chihana a AFORD anafika pa 45. Mu June 2020 a Chakwera anafika pafupifupi pa 59, mavoti 2.6 miliyoni, chifukwa cha mgwirizano wa Tonse wa zipani zisanu ndi zinayi. Mukuona pamenepo? Chipanichi chikaima ndi chigawo chapakati chokha chimakhala ndi munthu mmodzi mwa atatu. Chikapeza abwenzi a kumpoto, kumwera ndi m'matauni ndi pamene chimakwera.

Tsono abwenziwo ali kuti lero? A Saulos Chilima, amene paokha anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni mu 2019, anatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024. Mwezi wotsatira UTM inatuluka mu Tonse, ndipo mu 2025 inali ndi a Dalitso Kabambe pa balota. Mayi Joyce Banda anaima paokha. A Michael Usi, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti nthawi imeneyo, anaimanso paokha. A Enoch Chihana ndi AFORD anali ndi a Peter Mutharika. A Sidik Mia anamwalira mu January 2021. A Chakwera anasankha a Vitumbiko Mumba kuti akakope kumpoto, chabwino, koma munthu mmodzi sangalowe m'malo mwa zipani zonse zija. Mutu umodzi susenza denga.

Analembetsa kuvota mu 2025 ndi anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Tingoyerekeza kuti atuluka 5 miliyoni. Wopambana akufunika mavoti opitirira 2.5 miliyoni. Mu 2019 a Chakwera anali ndi 1.78 miliyoni. Ndiye kuti akufunika ena opitirira 700,000 pamwamba pa onse aja, ndipo pasapezeke ndi mmodzi yemwe wa 2019 amene wagwa mphwayi. Funsani m'mudzi mwanu momwemo ngati palibe wagwa mphwayi.

Akafukufuku akunenanso zomwezo. Afrobarometer itafunsa anthu mu August 2024 inapeza 43 pa 100 akuti DPP, 29 akuti MCP. A IPOR a ku Zomba anafunsa kawiri mu 2025. Koyamba anapeza a Mutharika 43, a Chakwera 26. Kachiwiri a Mutharika 41, a Chakwera 31. Kafukufuku si chisankho, ndipo zikuonetsa kuti a Chakwera akwerako. Onaninso kuti pa manambala amenewa ngakhale a Mutharika sanafike pa theka, choncho chibwereza chikhoza kuchitika. Koma palibe kafukufuku mwa amenewa waika Kongeresi pafupi ndi 50.

*Chinachitika n'chiyani?*

Ena akuti anthu a kumwera amangodana ndi Achewa. Ayi, tisanamizane. Mu 2020 anthu a kumpoto anavotera a Chakwera mwaunyinji, ndipo ku Blantyre komwe anapezako mavoti ambiri ndithu. Amene anawavotera aja sanasinthe mtundu. Chasintha ndi m'thumba.

Tinalonjezedwa feteleza wa K4,495, ndipo chaka choyamba zinachitikadi, tiyamikire. Mabanja opitirira 3 miliyoni anagula pa AIP. Kenako mtengo unapita pa K7,500, kenako pa K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikutsika chaka ndi chaka mpaka kufika cha m'ma 1 miliyoni. Amene dzina lake silinatuluke akukumana ndi thumba la ku shopu limene linadutsa kalekale K100,000. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni za feteleza zinalipidwa ku kampani ya ku Britain imene inapezeka kuti ntchito yake ndi ya nyama, mpaka nduna ya zamalimidwe inachotsedwa. Kwa mlimi wa kwa Kabudula feteleza si nkhani ya pa wailesi. Ndi kusiyana kwa kudya mpaka March ndi kuyamba ganyu mu November.

Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mu 2025 ku banki dola inali cha m'ma K1,750, koma pa msika wa mseri inadutsa K4,000. Inu alimi a fodya a ku Nsaru mukudziwa tanthauzo lake kuposa ife a madigiri. Fodya wanu ku Kanengo amagulidwa m'madola, ndalama n'kukufikani m'makwacha pa mtengo wa ku banki. Mukapita kukagula feteleza, malata kapena sipeya wa njinga yamoto, wogulitsa wawerengera dola ya mseri. Mwagulitsa pa sikelo ina, mwagula pa sikelo ina. Mu 2025 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pa chaka. Mafuta akasowa, wa kabaza ya moto amagona pa mzere tsiku lonse, kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza, bwana mwini njinga akudikira yake madzulo.

Ndiye pali ife. Tinauzidwa za ntchito 1 miliyoni. Mu June 2020 ena a ife tinali ndi zaka 19, tinavota koyamba kapena kachiwiri, tili ndi chikhulupiriro choti tikamaliza sukulu tidzapeza pogwira. Pofika 2025 tinali ndi zaka 24, digiri ili mu envulopu pansi pa matiresi. Makolo anagulitsa mbuzi, ena anabwereketsa dimba kuti tilipire fizi. Talemba makalata mpaka ndalama ya fotokope kutha, ndipo ambiri sayankhidwa n'komwe. Wina akugulitsa mayunitsi, wina akuphunzitsa pa sukulu ya pulaiveti pa malipiro osakwana thumba la feteleza, wina anakwera basi ya ku Joni. Kuyambira November 2023 njira imene boma linaionetsa poyera kwa achinyamata inali yokagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati.

Tinene chilungamo mbali zonse. Boma la a Chakwera linakumana ndi zokhoma zimene silinaziitane. Kunali Covid. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza ndi mafuta dziko lonse lapansi. Namondwe Freddy mu March 2023 anapha anthu opitirira 1,000. Chilala cha 2024 chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Ngongole zina linazipeza. Misewu ya mu mzinda wa Lilongwe yasinthadi, aliyense wopita ku tauni akuona. Koma wovota akalowa m'kachipinda kaja salowa ndi lipoti la IMF. Amalowa ndi mtengo wa shuga, sopo ndi chigayo.

Si kuno kokha. Mu 2021 achinyamata a ku Zambia anachotsa a Edgar Lungu. Mu May 2024 ANC ku South Africa inatsika kufika pa 40 pa 100, koyamba kulephera theka. Mu July 2024 chipani cha Conservative ku Britain, chitalamula zaka 14, chinatsala ndi mipando 121 mwa 650. Mu October chaka chomwecho chipani chimene chinalamula Botswana zaka 58 chinagwa. Ku Ghana mu December anabwezeretsa pulezidenti wakale. Zinthu zikadula, olamula amalipira. Malawi sali pa chilumba.

*Ku Nyumba ya Malamulo*

Mipando tsopano ndi 229, kuchoka pa 193. Kuti chipani chikhale ndi opitirira theka chikufunika aphungu 115. Mu 2019 Kongeresi inapeza 55, DPP 62, oima paokha 55. Mu 2025 munaona nokha mmene zisankho zachipulula zinayendera. M'madera ambiri amene anadandaula kuti anaberedwa anaima paokha, ndipo ankagawana mavoti a nyumba imodzi. Pa phungu ndi khansala palibe 50+1, woposa anzake watenga basi. Choncho aliyense amene adzakhale pulezidenti n'kutheka adzafunika kupempha aphungu a zipani zina ndi oima paokha kuti bajeti idutse. Izi zikutanthauza kuti phungu amene timusankhe kunoyu adzakhala ndi mtengo. Funso n'lakuti mtengowo adzaugwiritsa ntchito pogula galimoto yake, kapena pogula mlatho wathu.

*N'chifukwa chiyani tikuyankhula zimenezi kuno?*

Chifukwa kuno amati ndi kuchipinda kwa Kongeresi. A Chakwera kwawo ndi ku Malembo, anali phungu wa Lilongwe North West. Pa referendamu ya 14 June 1993 dziko litasankha zipani zambiri, chigawo chapakati chinavotera tambala. Agogo athu anakula ndi ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Munthu wa kuno ukayang'ana kumanja ndi kumanzere umangoona nsalu imodzi, ndiye umaganiza kuti dziko lonse lili chomwecho. Msonkhano ukadzaza pa Nsaru timati yatha, yawina kale. Koma ku Thyolo ukudzazanso, ku Mangochi ukudzazanso, ku Karonga chimodzimodzi, ndipo malole otuta anthu ndi omwewo.

Vuto lili apa. Munthu amene wauzidwa miyezi itatu kuti chipani chake sichingaluze, zotsatira zikabwera mwina amangoti atibera. Ndipo amene amatumidwa kukatseka msewu wa Mchinji, kukawotcha matayala, kukaphwanya shopu ya munthu wa ku Mulanje kapena wa ku Burundi pa Mpingu, si ana a nduna. Ndi ife osagwira ntchitofe, pa K5,000 ndi kachasu wa m'sacheti.

Tinaziona mu 2019. Anthu anatitcha Msundwe Barracks, tinkanyada nalo dzinalo. Mu October chaka chimenecho wapolisi anaphedwa ndi miyala pa Msundwe. Zitatero apolisi analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana anagwiriridwa. Mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukuta misozi. Andale amene tinkawamenyera nkhondo analowa m'boma. Amayi aja anatsala m'midzi momwemo ndi zimene anaona. Mwana wa wapolisi uja anatsala wamasiye. Tikamanena kuti sitikufunanso, tikunena za anthu amene timakumana nawo pa mjigo.

Ndipo zikwanje zayamba kale kuoneka. Mu November 2024 anthu obisa nkhope anabalalitsa zionetsero mu mzinda wa Lilongwe. Pa 26 June 2025 a Sylvester Namiwa anamenyedwa masana, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Mnyamata aliyense wogwira chikwanje tsiku limenelo ali ndi kwawo. Tisalole kuti kwawoko kukhale kuno.

Wina afunsa: ndiye kuti mwagulidwa ndi a chimanga? Ayi. Sitinaiwale 20 July 2011 pamene anthu 20 anaphedwa pa zionetsero DPP ikulamula. Sitinaiwale makadeti. Sitinaiwale tipeksi, ndipo tikuona kuti mayi Jane Ansah, amene tinkayenda pansi kuti atule pansi udindo ku MEC, ndi amene anaima ndi a Mutharika mu 2025. Sitinaiwale nkhani ya simenti yolowa mwaulere pa nambala ya msonkho ya pulezidenti. Mu 2025 a Mutharika anali ndi zaka 85, a Chakwera 70, m'dziko limene anthu ambiri sanafike zaka 20. Gulu lathu silikuuzani woti mumuvotere. Pa balota ya 2025 panali mayina 17, chala ndi chanu. Kunena kuti mvula ikubwera si kukhala mbali ya mvula.

*Tichite chiyani?*

Choyamba, tikavote. Ena akuti ngati zili choncho bola kukhala pakhomo. Kukhala pakhomo ndi kupatsa ena mphamvu yosankhira mtengo wa feteleza wako. Wokonda Kongeresi akavote, pakuti chipani chake chikufuna voti iliyonse kuti chifike ngakhale pa chibwereza. Wotopa nayo akavotenso. Konzani chiphaso chanu lero, pitani m'mawa, musadikire dzuwa lipendeke.

Chachiwiri, tigwiritse ntchito nthawi ino. Zaka zonsezi voti ya kuno inkawerengedwa ngati chimanga cha m'nkhokwe, choti mwini adzangotapa. Pa chisankho cha 2025 akuifuna zenizeni, ndiye tifunse. Aliyense wobwera kudzapempha uphungu kapena ukhansala ayankhe pagulu: ndalama za CDF zidzalengezedwa bwanji kuti tonse tizidziwa zalowa zingati ndipo zagwira chiyani? Mayina a AIP adzalembedwa ndi ndani, ndipo adzamatidwa pati? Misewu yathu ya fumbi imene imaduka dzinja lililonse, odwala n'kulephera kufika ku chipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel's, ili pa nambala yanji? Mgodi wa rutile wa ku Kasiya ukadzayamba, amene adzasamutsidwe adzalipidwa motani, ndipo ana a kuno amene anaphunzira ku Namitete Technical adzalembedwa ntchito zanji? Jambulani mayankho awo pa foni, musunge. Tidzawafuna chaka chamawa.

Chachitatu, za ndalama ndi nsalu zimene akugawa. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Sitikuweruza mayi amene walandira K2,000 ana ali ndi njala. Tingokumbutsana kuti m'kachipinda muja mumalowa munthu mmodzi, ndipo palibe mfumu, palibe tcheyamani wa chipani, palibe foni imene ingaone pamene mwachonga. Wokuuzani kuti adzadziwa akunama.

Chachinayi, tsiku lowerenga. Mavoti amawerengedwa pa senta pomwepo, mamonitala a zipani n'kusaina. Amene muli mamonitala, a chipani chilichonse, musachoke musanaone pepala lomaliza. Zotsatira za senta yanu ndi za senta yanu basi. A Chakwera akapeza 900 mwa 1,000 pa sukulu ya kwanu, sizikutanthauza kuti atenga dziko. MEC ili ndi masiku asanu ndi atatu olengezera za pulezidenti. M'masiku amenewo m'magulu muno mudzagwa mapepala abodza ndi mavoice a anthu odzitcha a m'kati. Osatumiza. Ma admin, wotumiza zotsatira zopanda gwero muchenjezeni kamodzi, kachiwiri mutulutseni.

Chachisanu, ngati padzakhale umboni weniweni wa kubera, kaya wabera ndani, njira tikuidziwa. Mu 2020 chisankho chinagwetsedwa ndi mapepala amene mamonitala anasunga ndi majaji asanu amene anawawerenga. Tidzayenda pa msewu masana, nkhope zili poyera, manja ali opanda kanthu, monga timachitira. Koma ngati chipani changoluza chifukwa mavoti sanakwane, palibe wa gulu lino adzagwire mwala.

Chachisanu ndi chimodzi, anthu obwera. Pa Namitete, pa Nsaru, pa Nambuma pali aphunzitsi, anamwino ndi a mashopu ochokera kumwera ndi kumpoto. Amatiphunzitsira ana, amatibereketsa, amatikongoza shuga. M'dera lililonse tikufuna anthu asanu odziwika, anyamata ndi atsikana, oti sabata ya zotsatira azidzayendera anthu amenewa ndi kudziwitsa mfumu ndi apolisi a m'mudzi pakamveka zachilendo. Perekani mayina kwa admin wa dera lanu pofika Lamlungu.

Pomaliza, kwa inu makolo athu, ndi inu mafumu athu. Tikudziwa kuti kwa ambiri a inu Kongeresi si chipani chabe. Ndi unyamata wanu, ndi nthawi imene ADMARC inkagula mtedza pa khomo, feteleza akupezeka ku kalabu. Sitikukulandani zimenezo. Tikungopempha kuti mwana wanu akabwera madzulo ndi ndalama imene simukudziwa kumene waitenga, mumufunse. Galimoto ikabwera usiku kudzatenga anyamata, mukane. Chipani chinaluza mu 1994, chinakhala zaka 26 kunja kwa boma, ndipo sichinafe. Chikaluza mu 2025 chidzapikisananso mu 2030. Mwana akafa pa msewu wa Mchinji sadzabweranso.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tawerengera pamaso panu, manambala ndi amenewo, aliyense akhoza kuwaona yekha. Amene ali ndi masamu ena abwere nawo m'gulu, tikambirane mwaulemu, popanda kutukwanizana mitundu.

Pa 16 tikavote. Pa 17 tikhale tonse amoyo, ndipo aliyense amene adzalowe ku State House adzatipeza tili pompano, tikufunsa za feteleza ndi ntchito.

 Tumizani kwa ena.